Mwana wa ku Nthalire akafuna kudzakhala wozimitsa moto

Mvula ikangosiya, udzu usanaumitsitse, utsi umayamba kufuka pamwamba pa Nyika. Mlendo amene wangofika ku Nthalire angayese kwagwa ngozi, koma moto wa mu Meyi ndi Juni nthawi zambiri umakhala woyatsa dala. Ogwira ntchito m'nkhalangoyi amatentha mizere ya udzu ukadali ndi chinyezi, kuti moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okotobala ukadzabwera udzasowe podutsa. Amandanda m'mphepete mwa mzerewo ndi nthambi zaziwisi m'manja, maso ali psuu ndi utsi, tcheru chili pa mphepo kuti ikulowera kuti.

Ana a kuno amakula akuona zimenezi, ndipo ambiri anathibulako moto umene unathawa alenje kapena ofula uchi. Choncho n'zosadabwitsa mwana wa Fomu 2 kuuza makolo ake kuti akufuna kudzakhala wozimitsa moto. Yankho limene amalandira ndi lodziwika kale: "Iwe, bwanji osaganiza za unamwino kapena uphunzitsi?" Makolowo sitingawaweruze. Namwino amamuona kuchipatala, mphunzitsi amakhala naye pamudzi, koma wozimitsa moto wovala yunifolomu ambiri sanamuonepo. Magalimoto ozimitsira moto m'dziko muno amakhala m'mizinda ndi m'mabwalo a ndege. Kuchoka ku Nthalire kukafika ku Chitipa Boma ndi makilomita oposa 100, ndipo msewu wochokera ku Rumphi kudzera ku Nyika wakhala ukulonjezedwa phula kwa zaka zambiri. Nyumba ikayaka kuno, zida zake ndi ndowa, dothi ndi anansi.

Komabe mwana ameneyu sakulota zachabe. Ntchitoyi ilipo ndipo dziko likuisowa, kungoti khomo lake ndi lopapatiza. Olemba ntchito odziwika ndi makhonsolo a mizinda ya Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, kenako mabwalo a ndege monga la Kamuzu ndi la ku Chileka. Kawirikawiri munthu amayamba walembedwa ntchito, maphunziro a moto n'kubwera pambuyo. Izi n'zosiyana ndi unamwino, umene umayambira kukoleji. Tanthauzo lake ndi lakuti banja silingasunge ndalama n'kunena kuti tikalipira pakuti, mwana adzatuluka ali wozimitsa moto. Chimene lingachite ndi kumukonzekeretsa kuti tsiku limene mwayi udzalengezedwe, dzina lake lidzavute kulidumpha.

Poyambira ndi MSCE, ndipo apa pasakhale kunyengererana. Chingerezi n'chofunika chifukwa popanda kuchikhoza satifiketi sipezeka, komanso mabuku a zida, malipoti ndi mayeso olowera ntchito zonse zili m'chilankhulo chimenechi. Mwana wa ku Nthalire, amene kunyumba amalankhula Chitumbuka, ayenera kuchilimbikira kuyambira Fomu 1. Koma chimene ndikufuna makolo amve bwino ndi cha sayansi. M'masukulu ambiri oyendera a kumidzi mulibe labotale, ndiye ana akafika Fomu 3 amathawa Chemistry ndi Physics poopa kuononga mapointi. Wofuna ntchito ya moto asachite zimenezo.

Taganizirani petulo amene amagulitsidwa m'zigubu ndi m'mabotolo pamisika ya kumidzi. Chigubu chikagwira moto, munthu woyamba kufika amathamanga ndi ndowa ya madzi. Petulo ndi wopepuka kuposa madzi, ndiye amayandama pamwamba n'kuyenda nawo akuyaka, mpaka pakhomo la golosale yoyandikana. Moto wotere umafuna kuuphimba kuti usowe mpweya, kaya ndi mchenga, kaya ndi thovu la mankhwala limene ozimitsa moto amapopera. Moto wa mawaya a magetsi ukauthira madzi magetsi asanazimitsidwe, magetsiwo amakugwira iweyo. M'nyumba yoyaka, ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike, n'chifukwa chake wopulumutsa anthu amayenda chokwawa, pansi pamene mpweya ulipo. Botolo la mpweya limene amabereka kumsana limatha pa mphindi pafupifupi 30, ndipo wopuma mwamantha amalimaliza msanga. Zonsezi ndi Chemistry, Physics, Biology ndi masamu. Pabwalo la ndege malamulo apadziko lonse amafuna kuti galimoto lifike pamalo a ngozi pasanathe mphindi zitatu. Pamenepo palibe nthawi yofunsa mnzako.

Akalemba Fomu 4 pamabwera nyengo imene imagwetsa achinyamata ambiri, nyengo yodikira. Makhonsolo salemba anthu chaka chilichonse. Zaka zimenezi zisathere pabawo. Luso la manja kudzera ku TEVETA ndi chida chabwino: zamagetsi, zamapayipi kapena umakaniko. M'boma la Chitipa muli koleji ya luso ya Kasama, ndipo kuli ina ku Livingstonia ndi ku Mzuzu. Galimoto lozimitsira moto ndi lole yonyamula thanki ndi pampu, choncho wodziwa kukonza injini ndi mapayipi amakhala wamtengo wapatali, ndipo ntchito ya moto ikachedwa ali ndi podyera. Laisensi yoyendetsera galimoto zikuluzikulu imadya ndalama zambiri, koma ngati banja lingagulitse mbuzi kapena matumba a chimanga pa chinthu chimodzi, ine ndingati chikhale chimenechi. Pamwamba pake aonjezere satifiketi ya chithandizo choyamba ya a Red Cross, pakuti ozimitsa moto amaitanidwanso pa ngozi za pamsewu ndi pamene munthu wagwera m'chitsime. Chiphaso cha unzika atenge akangokwana zaka 16, dzina ndi tsiku lobadwa zigwirizane ndi za pa satifiketi ya MANEB.

Za thupi sindichulukitsa. Mwana wokulira m'mapiri a kuno, woyenda mtunda kupita kusukulu, ali kale patsogolo pa anzake a m'tauni. Apewe fodya ndi kachasu, ndipo ngati amavutika ndi mphumu akaonane ndi dokotala banja lisanataye ndalama. Mtsikana amene amasenza ndowa ya malita 20 kukwera nayo chitunda asauzidwe kuti ntchitoyi ndi ya amuna.

Pali njira ina imene ili pafupi kwambiri, ya ntchito za m'nkhalango, ndipo ambiri saiwerengera. Nyika inakhala malo otetezedwa mu 1965, inakulitsidwa mu 1978, ndipo lero ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 3,200. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi nkhalango ya Vwaza. Malo aakulu chotere, a udzu wambiri ndi mitengo, sangasamalike popanda anthu odziwa moto. Ku Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000 yakhala ikupsa chaka ndi chaka, ndipo kampani ngati Raiply imafuna anthu olambula mizere, olondera ndi othamangira moto. Koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ili ku Dedza, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa zankhalango mpaka digiri. Amene wadzera njira iyi sadzakwera galimoto lofiira lolira saireni, koma moto adzalimbana nawo, ndipo mwina adzagwira ntchito kufupi ndi kwawo.

Makolo amuuzenso mwanayo zowawa zake. Pamene nyumba yosungiramo katundu wa bungwe la zisankho la MEC inapsa ku Lilongwe mu 2014, ndiponso msika waukulu wa mumzindawu mu 2016, Amalawi anaona okha kuchepa kwa zida zathu. Ozimitsa moto amafika thanki n'kutha madzi, anthu otaya katundu n'kuwatukwana ngati anauyatsa ndi iwo. Malipiro si okopa. Achenjerenso ndi atsizinamtole oimba foni kuti tumizani ndalama mwana alowe ntchito ku khonsolo. Mwayi weniweni umalengezedwa m'nyuzipepala, pawailesi ndi pa bolodi la ofesi.

Khonsolo ya Chitipa nayo ili ndi gawo lake. Nthalire anasankhidwa kukhala limodzi mwa malo otukula midzi m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo tsopano pali msika, magolosale ndi nyumba zothinana. Kugula galimoto mwina n'kovuta, koma kuitana ozimitsa moto awiri ochokera ku Mzuzu kudzaphunzitsa achinyamata kwa sabata imodzi n'kotheka. Msika ungakhale ndi gulu lake lodziwa kugwiritsa ntchito mchenga ndi mabotolo ozimitsira moto, ndipo aliyense wa achinyamatawo angakhale ndi kalata yosainidwa yokaphatikiza pofunsira ntchito.