Kusamalira ovulala mumtima kumayambira pageti

Atsogoleri a zipatala, sukulu ndi mabungwe akamva za chisamaliro chozindikira mabala a mumtima, ambiri amaganiza kuti choyamba n'kulemba ntchito mphungu. Monga wogwira ntchito ya thanzi la m'maganizo, ndikunena kuti poyambira penipeni ndi kwa mlonda wa pageti, kalaliki wolemba mayina ndi namwino woyeza odwala. Chifukwa chake n'kuchuluka kwa anthu ovulalawa. Kafukufuku amene mabungwe a Kaiser Permanente ndi CDC anachita ku San Diego, ku America, pakati pa 1995 ndi 1997, pa anthu oposa 17,000, anapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anakumana ndi chowawa chachikulu ali ana, ndipo zowawazo zikachuluka, chiopsezo cha matenda a mtima, uchidakwa ndi kuyesa kudzipha chimakweranso. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anasonyeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu anachitidwa nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Ndiye kuti pamzere uliwonse wa pachipatala anthu otere alipo, ndipo palibe chizindikiro pamphumi pawo.

Munthu amene anaopsezedwa kwambiri thupi lake limakhala tcheru ngakhale ngoziyo inatha kalekale. Akakalipiridwa, akatsekeredwa m'chipinda kapena akagwidwa mosachenjezedwa, mtima umathamanga, ndipo amakalipa, amathawa kapena kungouma osayankha. Ogwira ntchito amati ndi wamwano, mwina wosamva, iye n'kusiya kubwera kudzalandira mankhwala. N'chifukwa chake malangizo amene bungwe la SAMHSA la ku America linatulutsa mu 2014 amatsindika za chitetezo, kukhulupirika ndi kupatsa munthu mpata wosankha. Pantchito zimenezi n'zooneka ndi maso: kumuuza munthu zimene mukufuna kuchita musanamukhudze, kumufunsa ngati akufuna wachibale akhalepo, kusatchula vuto lake mokweza anthu akumva, ndiponso kusamukakamiza kubwereza nkhani yake kwa wapolisi, dokotala ndi wa zachisamaliro cha anthu, aliyense payekha. Malo a Chikwanekwane, kumene onsewa amapezeka pamodzi, anakhazikitsidwa pofuna kuthetsa kuzunguzika komweku.

Ena amati dziko losauka, la akatswiri a maganizo owerengeka, silingakwanitse. Koma zimene ndatchulazi sizifuna katswiri. Zimafuna mtsogoleri wosintha malamulo a pantchito n'kumawalondola. Maphunziro a tsiku limodzi okha sasintha kanthu ngati ndondomeko zili zakale zomwe. Ena amaopa kuti tikhala tikulekerera khalidwe loipa. Ayi, malire amakhalapo ndithu, koma amanenedwa poyera, mofatsa, ndiponso mofanana tsiku lililonse, pakuti wovulala mumtima amadekha akadziwa chimene chikubwera.

Nkhawa imene ndimailemekeza kwambiri ndi yakuti tidzatokosa zilonda zimene sitingathe kuzimanga. Imeneyi ndi yoona, ndipo ndicho chifukwa bungwe lisayambe ndi kufunsa aliyense mbiri yake. Liyambe ladziwa kumene lingatumize wofunika thandizo lozama, kaya ku Zomba Mental Hospital, ku Saint John of God kapena kwa mphungu wapafupi. Ogwira ntchito nawonso ali m'chiwerengero cha ovulala mumtima chija. Namwino amene anataya abale pa namondwe wa Freddy mu 2023, kapena amene amamva nkhani za kugwiriridwa sabata ndi sabata, amafunika womuyang'anira womvetsera ndi nthawi yokhazikika yokambirana ndi anzake zimene zikumulemera.