Puloteni Tiione M'tsamba la Tiyi, M'dziwe la Nsomba ndi M'mbale ya Nsima



Ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 akafika pa mutu wa mapuloteni m'phunziro la bayoloje, ambiri amangouloweza kuti alembe mayeso a MSCE, akatero basi auiwala. Makolo nawo amadziwa mawu oti zakudya zomanga thupi, koma amawaona ngati nkhani ya anthu a ku sikelo ya ana. Chonsecho kuno ku Khonjeni nkhaniyi ndi yomwe imachititsa kuti tsamba la tiyi ligulidwe kapena libwezedwe, makumba akule kapena apinimbire m'dziwe, mwana woleka kuyamwa akhale wamphamvu kapena atupe mapazi. Tiyeni tiione limodzi, wophunzira ndi kholo lomwe.

Mikanda ya mitundu 20

Tengani tasibihi muiyang'ane: mikanda yotungidwa pa ulusi umodzi, uwu pambuyo pa uwu. Puloteni ndi yotero. Mikanda yake ndi ma amino asidi, ndipo omwe amamanga mapuloteni a zamoyo alipo mitundu 20. Onse ali ndi kaboni, haidirojeni, okosijeni ndi naitirojeni, ena ochepa ali ndi salufa. Aliyense ali ndi mbali ya amino ndi mbali ya asidi, koma amasiyana pa kanthambi kamodzi komwe mabuku amakalemba ndi chilembo cha R. Kanthambi kena kamakonda madzi, kena kamawathawa, kena kamakoka kapena kukankha kanzake ngati maginito.

Ma amino asidi awiri akamalumikizana, kadontho kamodzi ka madzi kamatuluka, ndipo mfundoyo imatchedwa peptide bond. Tikadya, zimabwerera m'mbuyo: pepsin wa m'mimba ndi trypsin wochokera ku kapamba amalowetsa madzi pa mfundo zija n'kuzidula. Ndiye usipa womwe mwadya susanduka mnofu wanu mwachindunji ayi. Thupi limayamba lamasula tasibihi ya nsombayo, kenako n'kutunganso mikandayo motsata malangizo a DNA yanu. Mwa mitundu 20 ija, 11 thupi limatha kupanga lokha, koma 9 iyenera kuchokera m'mbale.

Masitepe anayi a kapangidwe

Sitepe yoyamba, primary structure, ndi ndondomeko ya mikanda. Frederick Sanger wa ku Cambridge anamaliza kuwerenga ndondomeko ya insulin mu 1955, napeza ma amino asidi 51 pa zingwe ziwiri. Yachiwiri, secondary structure, ndi pomwe chingwe chimapotana ngati sipuling'i kapena kupindika ngati lata lofolera nyumba. Kupotanako Linus Pauling ndi anzake anakufotokoza mu 1951. Yachitatu, tertiary structure, ndi pomwe chingwe chonse chimadzikulunga: tinthambi tothawa madzi timabisala mkati, tokonda madzi timatsala kunja. Yachinayi, quaternary structure, ndi pomwe zingwe zingapo zokulungidwa kale zimaphatikana. Haemoglobin yonyamula mpweya wabwino m'magazi ili ndi zingwe zinayi, zokhala ndi ma amino asidi 574 onse pamodzi.

Wina afunsa kuti, nanga mkanda umodzi ungasinthe chiyani? Matenda a sickle cell ndiwo yankho. Vernon Ingram anaonetsa mu 1956 ndi 1957 kuti kusiyana kuli pa mkanda umodzi wokha. Pa malo a nambala 6 a chingwe cha beta pamakhala glutamic acid wokonda madzi, koma mwa wodwalayo pali valine wothawa madzi. Mpweya ukachepa, mahaemoglobin otere amamatirirana, maselo ofiira a magazi n'kupindika ngati zenga, n'kumatsekereza timitsempha. Mwana amamva ululu woopsa ndipo magazi amamuthera. Si ufiti, ndi chotengera kwa bambo ndi mayi onse awiri.

Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi: ndondomeko imabereka maonekedwe, maonekedwe n'kubereka ntchito. Maonekedwe akaonongeka, ntchito yatha.

Chifukwa chake tiyi safuna kupsinjidwa

Ma enzaimu ndi mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi ndi m'zomera. Iliyonse ili ndi kamphako kolowa chinthu chake chokha, monga loko ndi kiyi wake. M'tsamba la tiyi muli enzaimu yotchedwa polyphenol oxidase, yomwe ili ndi kopa pakati pake. Mulinso timankhwala totchedwa catechin, tochuluka kwambiri mu nsonga ndi masamba awiri anthete. Tsamba likakhala lamoyo, ziwirizi zimakhala m'zipinda zosiyana za selo, sizikumana.

Ku fakitale, kaya ku Satemwa kaya ku Makandi, tsamba amalifotetsa kaye, kenako makina amalinyenya kuti zipinda zija ziphulike. Enzaimu ikakumana ndi catechin pali mpweya, tiyi wobiriwira uja amasanduka wofiirira, mukupangika theaflavin ndi thearubigin, zomwe zimapatsa tiyi mtundu ndi ukali wake. Ntchitoyi amaitcha fermentation ngakhale mulibe yisiti. Ikafika pomwe akufuna, amalowetsa tiyiyo m'choumitsira cha mpweya wotentha kuposa madigiri 100, enzaimu n'kufa, kusinthako n'kuima. Popanga tiyi wobiriwira amayamba n'kutenthetsa tsamba, kuti enzaimuyo ife isanagwire ntchito.

Tsono onani zomwe zimachitika m'dengu. Mukakanikiza tsamba ndi manja kapena ndi bondo kuti lilowe lambiri, mwayamba nokha ntchito ya makina. Maselo asweka, mulu watentha, enzaimu yathamanga, ndipo pofika pa sikelo tsamba lafiira. Ku fakitale sangalibwezenso mwakale. N'chifukwa chake amalikana, ndipo thukuta la m'mawa wonse limapita padera. Musapsinje, musaunjike, yalani pamthunzi podikira galimoto.

Kuonongeka kwa maonekedwe

Kufa kwa enzaimu kuja dzina lake ndi denaturation. Ulusi wa tasibihi suduka, chomwe chimamasuka ndi kakulungidwe. Timaziona tsiku ndi tsiku: choyera cha dzira chimalimba m'madzi otentha, mkaka umaundana n'kukhala chambiko chifukwa cha asidi, mnofu wa chambo umayera pamoto. Dzira lophika silibwerera kukhala laliwisi, koma ma amino asidi ake onse alimobe, ndipo limagayika bwino kuposa laliwisi.

Nsomba ikafa, ma enzaimu a m'matumbo mwake amayamba kuigaya yokha, mabakiteriya n'kumaliza. Kutumbula msanga, kuthira mchere, kuyanika pa thandala ndi kuwamba, zonsezi ndi njira zochotsa ma enzaimuwo, kuwalanda madzi kapena kuwapha ndi moto. Nthawi zina ma enzaimu timawafuna. Mu utomoni wa papaya muli papain, mu chinanazi muli bromelain, ndipo zonsezi zimadula mapuloteni. Nyama ya mbuzi yokalamba ya pa Idi ya Qurbani imafewa mukaikulunga m'masamba a papaya ofinya musanaiphike.

Kumunda: yureya ndi tinthenya ta mizu

Pa magalamu 100 a puloteni, pafupifupi 16 ndi naitirojeni. Tikamathira yureya, yemwe ali ndi naitirojeni 46 pa 100, tikupatsa mbewu zomangira mapuloteni ake. Koma m'nthaka muli enzaimu ya urease, yomwe James Sumner anaipatula mu 1926 n'kutsimikizira dziko kuti enzaimu ndi puloteni. Urease imasandutsa yureya kukhala amoniya. Mukangomwaza pamwamba kunja kukutentha, gawo lina la feteleza wodulayo limauluka ngati mpweya. Bowolani dzenje, thirani, kwirirani, pa nthaka yachinyontho.

Nandolo, nyemba, soya ndi mtedza zili ndi mwayi wina. Pa mizu yake pali timatuza momwe mumakhala mabakiteriya a Rhizobium ndi achibale ake. Iwowa ali ndi enzaimu ya nitrogenase, yotenga naitirojeni wa mumlengalenga n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Enzaimuyi imaonongeka ndi okosijeni, choncho mbewu imapanga leghaemoglobin, m'bale wake wa haemoglobin yathu ija, kuti iziyendetsa mpweyawo mosamala. Zulani phata limodzi la soya, dulani katuza ndi lezala. Ngati mkati muli mofiirira, kakugwira ntchito. Ngati muli moyera kapena mobiriwira, sikakugwira. Nandolo yemwe timabzala pakati pa chimanga kuno ku Thyolo ndi ndiwo, komanso ndi feteleza.

Kudziwe: madeya okha sakwana

Ambiri amene tili ndi maiwe a makumba ndi chilunguni timangothira madeya. Madeya ali ndi puloteni pafupifupi 10 pa 100, pomwe nsomba zamtunduwu zikamakula zimafuna pakati pa 25 ndi 30, ndipo tiana timafuna yoposa pamenepo. N'chifukwa chake miyezi imatha nsomba zili ngati zala. Soya ali ndi puloteni yoyandikira 38 pa 100. Tiwerengetse: makilo 6 a madeya ali ndi magalamu 600, makilo 4 a soya ali ndi pafupifupi 1,500. Pa makilo 10 osakaniza muli magalamu 2,100, kutanthauza 21 pa 100, kuwirikiza kawiri madeya okha. Zotsalazo zichokere m'madzi: manyowa a nkhuku kapena a mbuzi amabiriwiritsa dziwe, ndipo tizomera ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi obiriwirawo tili ndi puloteni yambiri.

Koma chenjerani, soya wamuwisi ali ndi puloteni yotchedwa trypsin inhibitor. Iyi imatseka kamphako ka trypsin ngati kiyi wothyokera m'loko, nsomba kapena nkhuku n'kulephera kugaya chakudya. Mankhwala ake ndi denaturation yomwe ija: kazingani soya mpaka achite bulauni pang'ono, fungo lauwisi lichoke, kenako mukagayitse. Musapsereze, chifukwa moto wopyola muyeso umaononga lysine.

M'mbale: nsima ndi ndiwo zimakwaniritsana

Chimanga chili ndi puloteni pafupifupi 9 pa 100, koma ndi yoperewera mikanda iwiri mwa 9 ija, lysine ndi tryptophan. Thupi silingatunge tasibihi yodumpha mikanda. Wina akatha, ntchito imaima. Nandolo ndi nyemba zili ndi puloteni yopitirira pang'ono 20 pa 100, lysine wambiri, koma methionine wochepa, yemwe chimanga chili naye. Ndiye nsima ya nandolo ndi banja logwirizana. Phala la Likuni, la chimanga ndi soya, linapangidwa pa nzeru yomweyi.

Munthu wamkulu wa makilo 60 amafuna magalamu pafupifupi 50 a puloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6. Usipa wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi puloteni, ndipo mikanda yonse 9 ilimo. Nsombazi zisinjeni, muthire m'phala la mwana limodzi ndi nsinjiro. Phala loyera lothira shuga limakhutitsa mimba koma silimanga thupi.

Dokotala Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast komwe lero ndi Ghana, analemba mu 1935 za ana odya phala la chimanga lokha ataleka kuyamwa, nagwiritsa ntchito dzina la kwashiorkor lomwe anthu a kumeneko ankawatchulira matendawa. Mwana wotere amakhala ndi albumin yochepa m'magazi, puloteni yomwe imathandiza kusunga madzi m'mitsempha, ndipo amatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira. Matenda otsegula m'mimba ndi kusowa kwa michere ina zimathandizira vutoli, choncho mwana wotupa sitimuchiza ndi ndiwo kunyumba. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. M'mwezi wa Ramadhani namonso, daku wokhala ndi nyemba, dzira kapena mtedza amakhalitsa m'mimba kuposa tiyi ndi buledi yekha.

Pa nkhani ya halaal

Puloteni yochuluka kwambiri m'thupi la nyama ndi collagen ya m'khungu, m'mitsempha ndi m'mafupa, yopotedwa patatu ngati chingwe cha khonje. Mukaphika mang'ina kwa maola, zingwe zitatuzo zimamasuka, ndipo msuzi ukazizira umagwirana. Ameneyo ndi jelatini. Wa ku fakitale amapezeka m'masiwiti ena ofewa ndi m'makapisozi a mankhwala, ndipo amachokera ku zikopa za nkhumba, za ng'ombe kapena za nsomba. Ma ulama amasiyana pa funso loti kusinthaku ndi kokwanira kutchedwa istihala kapena ayi. Sayansi ikutiuza zomwe zasintha: kakulungidwe kamasuka ndipo zingwe zaduka malo ena, koma ndondomeko yambiri ya mikanda yatsala. Chigamulo ndi cha masheikh athu. Pogula zakudya, yang'anani chidindo cha halaal.

Insulin ya odwala shuga kale inkachokera ku kapamba wa ng'ombe ndi wa nkhumba. Ya nkhumba imasiyana ndi ya munthu pa amino asidi mmodzi yekha. Kuyambira 1982 kunabwera insulin ya mtundu wa munthu yopangidwa ndi mabakiteriya, ndipo lero yambiri imapangidwa ndi mabakiteriya kapena yisiti. Amaibaya osati kumwa chifukwa ndi puloteni: m'mimba ingagayidwe ngati usipa. Musasiye mankhwala chifukwa cha mphekesera. Funsani adokotala, funsaninso sheikh.

Kwa ophunzira, chomaliza ndi Biuret test. Sungunulani ufa wa soya m'madzi, thirani sodium hydroxide, kenako madontho a copper sulphate. Mtundu ukachoka pa buluu n'kukhala wa pepo, mfundo za peptide zilimo. Yesani usipa wosinja, ufa woyera ndi ufa wa chinangwa, muone wopepera kwambiri ndi uti, kenako zotsatira zake mukawauze amayi anu kukhitchini ndi abambo anu kudziwe. Allah adalitse minda yathu, maiwe athu ndi maphunziro a ana athu.