Tiana ta nsomba zanu tikufa? Mwina vuto ndi chakudya

Angelfish zanga zitaikira mazira koyamba, ndinali nditawerengera kale ndalama zogulitsa tiana. Sabata isanathe tonse tinali titafa, chonsecho ndinkatithirira chakudya cha m'sitolo choperapera. Ndinazindikira mochedwa kuti tiana tambiri totere timadya chinthu chokhacho chimene chikuyenda. Ufa ukamira pansi, kwa ito si chakudya, umangowola n'kuononga madzi.

Apa m'pamene pamalowera brine shrimp, kapena kuti Artemia, dzina limene ndinalimva m'kalasi ndisanasiyire panjira ku yunivesite. Ndi tizilombo ta m'madzi a mchere kwambiri, abale ake a nkhanu. Mazira ambiri ogulitsidwa padziko amakololedwa ku Great Salt Lake, m'chigawo cha Utah ku America. Amaoneka ngati mchenga wofiirira, ndipo akakhala ouma bwino amatha zaka osafa. Mukawanyowetsa m'madzi a mchere, amadzuka.

Makina apamwamba safunika ayi. Ine ndimatenga botolo la Sobo la malita awiri, kudula kumatako kwake, n'kulizondotsa kuti chitsekerero chikhale pansi. Pa lita imodzi ya madzi ndimathira mchere wa miyala magalamu 25 mpaka 30, pafupifupi masupuni awiri akuluakulu, ndi kasoda pang'ono, yemwe uja timaphikira therere. Madzi a pampopi agone kaye usiku wonse kuti klorini achoke. Mazira theka la kasupuni ka tiyi basi. Mukachulukitsa amalimbirana mpweya, ambiri saswa.

Kenako kachubu ka pampu ya mpweya kafike pansi penipeni pa botolo, madzi azibwata ngati ali pamoto kuti mazira asakhazikike. Pakhalenso kuwala. Pa madigiri 26 mpaka 28 amaswa pakatha maola 24 kapena kupitirira pang'ono. M'miyezi yozizira ija ya June ndi July amachedwa, ndiye musafulumire kunena kuti anakugulitsani ofwifwa. Ine ndimasendeza botolo pafupi ndi babu. Koma mdani wamkulu ndi kuzima kwa magetsi. Tsiku lina anazima usiku wonse, m'mawa ndinapeza botolo likununkha. Panopa ndili ndi kapampu ka mabatire.

Pokolola m'pamene ambiri timalakwitsa. Zimitsani pampu, dikirani mphindi zisanu kapena khumi. Makoko opanda kanthu amayandama, mazira osaswa amamira, pomwe tizilombo ta mtundu wa lalanje timathamangira kumene kuli kuwala. Walitsani tochi ya foni chakumunsi kwa botolo, tikasonkhana mutikoke ndi kachubu. Sefani ndi kansalu kothina maso, tsukuluzani ndi madzi opanda mchere, kenako perekani. Makoko asalowe m'thanki chifukwa sagayika, amatha kutseka m'mimba mwa kamwana ka nsomba.

Ndipo musati poti zaswa ndiye mudyetse mkuja. Kachilombo kongoswa kumene kamakhala ndi chakudya chake m'thupi, ndipo n'chimenecho mukufuna kuti nsomba zanu zipeze. Maola akamapita kamachidya kokha, tsiku likatha mafuta ambiri apita. M'madzi opanda mchere kamafa pakangopita maola ochepa, choncho thirani zoti zithe pompo. Muzadziwa kuti tadya mukaona timimba ta tiana tasanduka talalanje. N'chifukwa chake ndili ndi mabotolo awiri, lina ndimayambitsa lero, lina mawa.

Kulera kuti zikule n'kotheka. Pakatha masabata awiri kapena atatu zimafika pafupifupi sentimita imodzi, mukamazidyetsa yisiti pang'onopang'ono m'chidebe chachikulu. Kunena zoona, ine ndimaona kuti ntchito yake imaposa phindu, yisiti ukangochuluka madzi aonongeka.

Kwa amene mukusunga mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi, chenjerani. Zambiri mwa izo zimadya ndere za pamiyala, ndipo chakudya cha nyamanyama chikachuluka zimatupa mimba, matenda amene osunga nsomba kunja amawatchula kuti Malawi bloat. Tiana take mutha kutipatsa ndithu, koma zikuluzikulu mwa apo ndi apo. Mazira otsala tsekani bwino m'kabotolo, muike mufiriji, chinyezi chisawapeze.