Loweruka ndi Lamulungu m'nyumba zosungira zakale: kukasaka mawu

Musanatengere ophunzira anu kunyumba yosungiramo zinthu zakale, pitaniko kaye nokha. Patulani Loweruka ndi Lamulungu, mutenge kope ndi cholembera. Ndikudziwa kuti ndalama ya minibasi ndi yolipira pakhomo ichoka m'thumba mwanu, komanso kuti masiku awiriwa ndi omwe mumachongera makope. Koma ulendo wa kalasi umene mphunzitsi sadaukonzekere umathera m'kujambulitsa zithunzi, ndipo Lolemba ana amalemba chimangirizo chongokamba za basi ndi zomwe adadya panjira. Makolo amakhala atasonkha ndalama, chiyankhulo osapindulapo kanthu.

Chitsanzo chathu ndi mzinda wa Blantyre. Amene muli ku Lusaka muli ndi Lusaka National Museum, yomwe idatsegulidwa mu 1996, komanso Henry Tayali Gallery ku Showgrounds. Ku Harare kuli National Gallery of Zimbabwe, ya mu 1957. Ntchito yake ndi yomweyi.

Loweruka m'mawa yambirani ku Chichiri, kunyumba yosungira zakale yomwe idatsegulidwa mu 1966. Panja pali mitu ya sitima zapamtunda ndi makina ena akale. Ana adzathamangira komweko, inu mulowe kaye m'kati. Musanayang'ane zinthu zenizenizo, werengani tizikwangwani tofotokozera tomwe tili pambali pake. Talembedwa m'chiyankhulo chanji? M'nyumba zambiri za mtunduwu mupeza Chingerezi, ndipo ku Mozambique mupeza Chipwitikizi. Tsono pa chinthu chilichonse chimene chakukokani mtima, lembani mawu atatu: omwe ali pakachikwangwani, omwe inu mumachitchulira, ndi omwe agogo anu akadachitchulira.

Apa ndiye pagona phunziro. Kachikwangwani kakhoza kungoti "basket", pomwe inu mukuona lichero, dengu, nsengwa kapena chitete. Kakhoza kuti "pot", pomwe mphika si mtsuko, mtsuko si nkhali, ndipo nkhali si mbiya. Si kuti Chingerezi n'chosauka ayi. Wolemba kachikwangwaniko ankaganiza za mlendo wothamanga, wosafuna zambiri. Koma mwana wobadwira m'tauni akawerenga "pot" amakhuta, n'kudutsa, osadziwa kuti wasiya mayina anayi m'galasimo. Dzina lililonse limabwera ndi mneni wake: lichero timapetera, mtsuko timatungira madzi, mbiya timasungiramo mowa kapena thobwa. Mwapezeratu zitsanzo za msintho wochitira popanda kutsegula buku. Mgwirizano wa magulu a mayina nawo uli pomwepo: dengu ili, mtsuko uwu, nsengwa iyi, chitete ichi.

Pali malo amodzi ofunika kuimapo nthawi yaitali. Nyumba zambiri zosungira zakale m'chigawo chathu zimaonetsa zinthu za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kachikwangwani kamalemba kuti "mask" mosaganizira kawiri. Koma kumudzi chimene chimatuluka kudambwe ndi chilombo, ndipo si aliyense amene amaloledwa kukamba za m'kati mwake. M'kalasi mwanu mungakhale mwana wometa, mwana wosameta, ndi wina amene mpingo wa makolo ake umaletsa ngakhale kuonerera. Mukafika nawo pagalasi limenelo musanaganize mawu oti mugwiritse ntchito, mmodzi wa atatuwa apwetekeka mtima, ndipo nkhani ikhoza kufika kwa mfumu kapena kwa mphunzitsi wamkulu. Ganizirani zimenezi Loweruka, muli nokha. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kutchula mayina omwe aliyense amamva pabwalo, monga Kasiyamaliro, kukamba za ntchito ya gule pamaliro ndi polonga ufumu, n'kulekera pomwepo.

Masana pitani ku Mandala House. Nyumbayi idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzina lake lidachokera ku mandala omwe John Moir, mmodzi wa oyendetsa kampaniyo, ankavala. Anthu adamutcha Mandala, dzinalo lidagwera nyumba, kenako dera lonse. Ana ambiri amene amadutsa ku Mandala tsiku ndi tsiku sadziwa kuti akutchula magalasi a m'maso a munthu wa ku Scotland. Funsani mayina a malo a kwanuko mofananamo. M'mwamba mwa nyumbayi muli laibulale ya Society of Malawi, ndipo pansi pali La Caverna, malo oonetsera ndi kugulitsira zojambula ndi zosema.

Kumalo a zojambula mawu olembedwa ndi ochepa: mutu wa chithunzi, dzina la wojambula, mwina ndi mtengo. Mawu otsalawo ayenera kuchokera mwa woonayo, n'chifukwa chake malowa ndi abwino pa luso la kuyankhula. Sankhani chithunzi chimodzi, mukhale nacho mphindi khumi. Mbali imodzi ya tsamba lembani zomwe maso akuona: mayi wasenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, thambo lafiira. Mbali inayo lembani zomwe mukuganiza: mwina watopa, akuoneka ngati akuchokera kutali, n'kutheka kuti dzuwa likulowa. Mudzadabwa kuti ngakhale inu mukusakaniza mbali ziwirizi. Mawu oti mwina, ngati ndi n'kutheka ndi amene amasiyanitsa umboni ndi maganizo, ndipo wophunzira amene wawagwira amalemba lipoti labwino. Pemphani chilolezo musanajambule chithunzi ndi foni, popeza ndi ntchito ya munthu ndipo amadyerapo. Onaninso kukula kwa zipinda: kalasi ya ana 80 singalowemo nthawi imodzi.

Malo ena amatseka Lamulungu, choncho funsiranitu. Ku Blantyre tsikuli mukhoza kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels mapemphero akatha. Chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, yemwe mu 1892 adatulutsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja. Si nyumba yosungira zakale, koma mphunzitsi wa chiyankhulo chathu ali ndi chifukwa chokaimako.

Madzulo ake khalani pansi ndi kope lija. Musafune kugwiritsa ntchito zonse. Sankhani mawu khumi, chithunzi chimodzi ndi kachikwangwani kamodzi komwe sikadakukhutiritseni. Kalembeninso m'Chichewa kapena m'Chinyanja cha kwanuko, m'mawu osapitirira 30, moti mwana wa Sitandade 5 amve. Ntchitoyi ndi yovuta kuposa momwe ikuonekera, chifukwa muyenera kusankha choti mutaye, ndipo ndi yomweyo imene mudzawapatse ophunzira pophunzitsa chifupikitso.

Amene sukulu zanu zili kutali ndi mzinda, kope lanulo lidzayenda m'malo mwa basi. Auzeni ana abweretse lichero, chipande, mthiko kapena msampha wa mbewa, muziyale pathebulo, ndipo gulu lililonse lilembe kachikwangwani kake litafunsa kaye akuluakulu kunyumba. Mawu khumi aja ndi kachikwangwani komwe mwalembanso muzitumize pamodzi ndi ntchito ya gawo lino.