OYIMBA ATHU AMAVINITSA ANTHU, KOMA AMABWERERA KWAO CIMANJAMANJA

Nyengo ya kugulitsa mbeu ikafika, alimi atalandira ndalama za cimanga, thonje ndi nshawa, timaona mabandi ang'onoang'ono akuyendera maboma a kuno kum'mawa monga Nyimba, Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi. Anthu amavina mpaka tambala kulira, ndipo ambiri amabwerera kwao ndi maganizo akuti oyimbawo acoka ndi thumba lodzala. Zoona zace n'zakuti ambiri a iwo amafika kwao opanda ngakhale ya sopo, ndipo ena amafika ndi ngongole.

Tiyeni tione m'mene ndalama ya pakhomo imathera. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali mtunda wopitirira makilomita 550, ndipo bandi siingakwere basi monga munthu wamba cifukwa ca ng'oma, magitala ndi zokuzira mau. Imafunika galimoto yaganyu, ndipo mwini galimoto amafuna ndalama zace ulendo usanayambe. Mtengo wa mafuta unakwera kwambiri boma litaleka kuthandizira pa mtengowo mu December 2021, ndipo cotulukapo cace n'cakuti ulendo uliwonse unadula.

Cina n'cakuti mabandi ambiri alibe zipangizo zaozao. Amacita kubwereka kwa eni malo a mowa kapena kwa amalonda ena, ndipo mwini zipangizo ndiye amayamba kutapa gawo lace. Pambuyo pace pamabwera mwini holo, olonda pakhomo, cakudya ndi malo ogona. Kumene kulibe magetsi pamafunika jenereta ndi mafuta ace, monga m'mene zinaliri mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Zotsala ndizo zimagawidwa pakati pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Mvula ikagwa usiku umenewo, kapena pakacitika maliro pafupi, anthu sabwera, koma galimoto ndi holo zilipiridwabe.

Bvutoli silinayambe lero. Pakati pa zaka za m'ma 1970, President Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zoculuka zoulutsidwa pa wailesi zikhale za dziko lino. Lamulo limenelo linapatsa mphamvu magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndipo makampani a ku Ndola, Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour, anali kutulutsa malekodi ao. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975, anthu a ku migodi ndi m'matauni anayamba kuumira ndalama zao. Kumapeto kwa zaka zomwezo, pamene asilikali a Rhodesia anali kuponya mabomba m'dziko lino, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo oyimba anataya nthawi yeniyeni imene anali kupezerapo ndalama. Kenaka kunabwera madisiko, pamene munthu mmodzi wokhala ndi makina anali kutenga malo a bandi yathunthu pa mtengo wocepa.

M'zaka za m'ma 1980 kalindula anabweza moyo m'maholo kupyolera mwa Amayenge, Shalawambe, Serenje Kalindula ndi P.K. Chishala. Komabe makaseti okopera mwakuba anadzala m'misika, kotero kuti nyimbo inali kumveka m'mudzi uliwonse pamene mwini wace sanalandirepo ngakhale ngwee imodzi.

Mbiri ya a Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleri wa WITCH, iri ndi phunziro. Ngakhale kuti gulu lao linali lochuka m'dziko lonse, iwo anasiya kuyimba nakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pace anapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Anzao amene anayamba nao gululo onse anamwalira. Malekodi akale atasindikizidwanso kunja, a Chanda anayambanso kuyimba m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango. Ngati munthu wochuka cotere anafika pogwira pikipiki wa m'mgodi ndi fosholo, nanga mnyamata wa banjo wa ku Sinda zimamuthera bwanji?

Masiku ano nyimbo zimapatsiranidwa pa lamya za m'manja popanda kulipira, motero woyimba wamng'ono amadalira kuyimba pamaso pa anthu basi. Mu March 2020, boma litatseka malo a mowa ndi a zisangalalo cifukwa ca matenda a Covid-19, njira imodzi yomweyo inatsekeka, ndipo oyimba analibe kwina kogwira.

Thandizo lilipo, ngakhale kuti ambiri saligwiritsa nchito. Lamulo la mu 1994 loteteza nchito za olemba ndi oyimba limanena kuti nyimbo ndi cuma ca mwini wace, ndipo bungwe la ZAMCOPS limasonkhetsa ndalama kwa oulutsa nyimbo kuti lipereke kwa mamembala ace. Woyimba amene sanalembetse nyimbo zace sangalandire kanthu. Kuonjezera apo, bandi isanakweze katundu iyenera kupangana ndi mwini holo pa pepala, ndi kulandira gawo lina la malipiro pasadakhale. Mutu umodzi susenza denga: mabandi awiri kapena atatu akhoza kugwirizana pa galimoto imodzi ndi kusonkherana kuti agule zokuzira mau zaozao, monga m'mene alimi amacitira m'makopaletivu.

Nafenso a m'midzi tiri ndi mbali yathu. Tikaitana bandi pa cikwati kapena pa msonkhano, tiipatse ndalama zimene tinapangana, cifukwa nsima ndi mowa sizilipira ana sukulu. Tileke kulumpha mpanda ndi kupempha kulowa ulele cifukwa ca cibale. Tikapanda kutero, ana athu aluso adzapacika magitala ao, ndipo pa zikondwerero zathu padzatsala makina okha.