Mphatso ndi Lifidzi: Tisiyana Pati, Tigwirizana Pati?

Uthenga Wabwino unalowa m'mapiri a Angónia ndi makomo awiri. M'chaka cha 1909 amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mphatso, ndipo m'zaka zomwezo ansembe a Katolika anakhazikitsa Lifidzi. Boma la Apwitikizi litatseka Mphatso mu 1922, makolo athu ankadumpha malire kukapembedza ku Nyasaland.

Kusiyana kulipo ndithu. Ife tili ndi masakramenti awiri, iwo asanu ndi awiri. Ife titsogozedwa ndi akulu ampingo ndi sinodi, iwo ndi maepiskopi ndi Papa. Komabe tonse tibatiza m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndipo Buku Loyera la 1998 tinalimasulira pamodzi.

Abale, tiphunzitse ana athu chikhulupiriro chathu mosabisa, koma tisawasiyire chidani chimene atsamunda anafesa pakati pa ana a mudzi umodzi.