Mabanja Awiri, Kalabu Imodzi: Chibale ndi Ukwati pa Bwalo la Llanelli

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu akamakamba za timu ya mpira amakonda kuwerenga zikho ndi zigoli, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti anyamata osewerawo atuluka m'nyumba za yani. M'tauni ya Llanelli, kumwera chakumadzulo kwa dziko la Wales, muli kalabu ya rugby imene mbiri yake singalongosoledwe bwino popanda kutchula mabanja awiri, la John ndi la Quinnell, amene anamangidwa pamodzi ndi ukwati umodzi. M'mabanja amenewa munatuluka amuna anayi amene anasewerera dziko lawo la Wales, ndipo tikaphatikiza masewera awo onse a dzikolo akwana 132. Onse anayiwo anayamba kudziwikira ku Llanelli. Tsono funso limene tifuna kuliyesa lero ndi ili: kodi luso lotere limayenda m'magazi, kapena pali china chimene chinalera anthu amenewa?

Masewera Ake

Popeza awerengi athu ambiri sanazolowere rugby, nkoyenera kuti tiyambe talongosola pang'ono. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 15. Mpira wake ndi wonga dzira, ndipo munthu amaloledwa kuunyamula m'manja ndi kuthamanga nawo, koma poponyera mnzake sayenera kuponya kutsogolo. Anthu 8 mwa iwo ndi amuna a matupi akulu amene ntchito yawo ndi kukankhana ndi adani polimbirana mpira. 7 otsalawo ndi aliwiro. Pakati pa aliwirowo pali wovala nambala 10, amene ndiye mwini nzeru wa timu, pakuti ndiye amasankha ngati mpira umenyedwe ndi phazi kapena uyende m'manja. Kufikitsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani ndiko kumene amati try. Munthu akagwetsedwa ali ndi mpira, amakhulupirira kuti anzake afika msanga kudzamutchinjiriza, chotero masewera amenewa amakomera anthu odziwana bwino ndi osafuna kuchititsana manyazi.

Mudzi wa Malasha

Kumpoto kwa Llanelli, m'chigwa cha Gwendraeth, kuli mudzi waung'ono wotchedwa Cefneithin. Kale amuna ambiri a m'chigwa chimenechi ankagwira ntchito m'migodi ya malasha, ndipo chinenero cha panyumba, cha kutchalitchi ndi cha pabwalo chinali cha Welsh. M'mudzi umenewu munabadwira Bambo Barry John pa 6 Januwale 1945, mwana wa munthu wa mumgodi. Abale ake aamuna atatu onse ankasewera rugby, ndipo awiri mwa iwo, Alan ndi Clive, anafika posewerera Llanelli.

M'mudzi womwewo munalinso Bambo Carwyn James, wobadwa mu 1929, nayenso mwana wa munthu wa mumgodi. Iyeyu anali mphunzitsi wa chinenero cha Welsh, ndipo anasewerera dziko la Wales kawiri mu 1958. Barry John anakula akumuona munthu ameneyu akuyeserera kumenya mpira pa bwalo la m'mudzi, ndipo onse awiri anaphunzira pa sukulu imodzi ya Gwendraeth Grammar School, wina patsogolo wina pambuyo. Barry nayenso anaphunzira ntchito ya uphunzitsi pa Trinity College ku Carmarthen. Anayamba kusewerera Llanelli mu 1964 atavala nambala 10, anasankhidwa m'timu ya dziko mu 1966, ndipo mu 1967 anasamukira ku kalabu ya Cardiff. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ngakhale iye anachoka, abale ake anatsala ku Llanelli, ndipo banja lake linali pafupi kumangika kumeneko kolimba kuposa kale.

Ukwati Umene Unalumikiza Mabanja

M'zaka zomwezo ku Llanelli kunayamba kuoneka mnyamata wamtali ndi wamphamvu, Bambo Derek Quinnell, wobadwa mu 1949. Ameneyu ndiye anakwatira mlongo wake wa Barry John. Mwa ukwati umenewu munthu wa m'gulu la okankha ndi munthu wa nambala 10 anakhala pachilamu, ndipo mbiri ya awiriwa inakumana kawiri m'njira yodabwitsa.

Koyamba kunali mu 1971. M'chaka chimenecho timu ya British Lions, imene imasankhidwa mwa osewera a England, Scotland, Wales ndi Ireland, inapita ku New Zealand, dziko limene limatchuka ndi rugby kuposa ena onse. Mphunzitsi wa timuyo anali Carwyn James yemweyo wa ku Cefneithin, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa kalabu ya Llanelli. Derek Quinnell anatengedwa pa ulendowu asanasewererepo dziko la Wales ngakhale kamodzi, ndipo iye yekha ndiye anali wotero m'gulu lonselo.

Pamenepa wina angaganize kuti mnyamatayu anakwera ndege chifukwa cha kudziwana. Yankho linaoneka pa masewera achitatu, ku Wellington, pa 31 Julayi 1971. Timu ya New Zealand inali ndi munthu wochenjera ndi wovuta kugwira, Sid Going, amene anasautsa alendowo pa masewera achiwiri. Derek Quinnell anapatsidwa ntchito yomulonda, ndipo anaigwira mokhulupirika. A Lions anapambana 13-3, ndipo mapointi 10 mwa amenewo anachokera kwa Barry John. Pomaliza alendowo anapambana masewera awiri, anagonja amodzi ndi kufanana mphamvu amodzi. Kufikira lero, umenewu ndiwo ulendo wokhawo umene a Lions anapambana mpikisano wotere ku New Zealand. Chibale chingathe kufikitsa munthu pa chipata cha bwalo, koma mpira ukayamba mdani safunsa kuti mlamu wako ndani.

Kachiwiri kunali pa 25 Malichi 1972, pamene Wales inagonjetsa France 20-6 ku Cardiff. Masewera ali pafupi kutha, Mervyn Davies anavulala, ndipo Derek Quinnell analowa m'malo mwake mothamanga kuti wenzulo yomaliza isamupeze kunja. Amenewo anali masewera ake oyamba a dziko la Wales. Masewera omwewo ndiwo anali omaliza a Barry John, amene anasiya rugby ali ndi zaka 27 zokha, atasewerera dziko lake ka 25, pakuti kutchuka kunamulemera kotero kuti sankathanso kuyenda pamsewu ngati munthu wamba. Chotero tsiku limodzi mlamu wina anali kulowa, wina anali kutuluka.

Tsiku Limene Tauni Siiliiwala

Llanelli inali tauni ya mafakitale a malata ndi zitsulo, ndipo nchifukwa chake pamwamba pa mitengo ya zigoli pa bwalo lawo la Stradey Park ankaikapo timapoto tofiira. Pa bwalo limeneli, Lachiwiri pa 31 Okutobala 1972, m'chaka chimene kalabuyo inkakumbukira kuti yatha zaka 100, timu ya dziko lonse la New Zealand inagonja kwa timu ya tauni imodzi, 9-3. Roy Bergiers ndiye anagoletsa try, Phil Bennett anaonjezera mapointi awiri ndi phazi, ndipo Andy Hill anamenya penate ya patali. Kaputeni anali Delme Thomas, amene anaima phewa ndi phewa ndi Derek Quinnell pakati pa okankha, ndipo mphunzitsi anali Carwyn James.

Tiyenera kuonetsetsa dzina la Phil Bennett. Iyeyu sanali wa banja la John kapena la Quinnell. Anachokera ku Felinfoel, mudzi wa m'mphepete mwa Llanelli, ndipo ndiye analowa m'malo mwa Barry John pa nambala 10, poyamba ku kalabu, pambuyo pake m'timu ya dziko. Ray Gravell, amene anaseweranso tsikulo, anali mwana wa munthu wa mumgodi wa ku Mynydd-y-garreg. Ngati luso likanakhala la magazi a banja limodzi, kuchoka kwa Barry John kukanasiya dzenje losakwiririka. Koma dera lomwelo linatulutsa wina msanga, pakuti midzi yonse yozungulira inali kulera ana ake mofanana.

Chibale cha pa bwaloli chinaonekanso pa maliro. Ray Gravell anamwalira pa 31 Okutobala 2007, patatha zaka 35 ndendende chichitikire masewera aja. Mwambo wa maliro ake unachitikira pa Stradey Park pomwepo, anthu zikwi zambiri atasonkhana, bokosi litanyamulidwa ndi osewera akale ndi atsopano a kalabuyo, ndipo pa bolodi la zigoli panalembedwanso 9-3.

Mbumba ya Barry John

Mu ukwati wa Derek Quinnell munabadwa ana aamuna atatu, Scott, Craig ndi Gavin. Mwa kawerengedwe ka chibale ka kwathu kuno, anyamata amenewa ndi mbumba ya Barry John, ndipo iye ndiye mtsibweni wawo. Koma pa bwalo sanamutsate. Mtsibweniyo anali wochepa thupi, wozemba adani ngati mphepo. Anawo anatenga matupi akulu a bambo wawo, amene anasewerera Wales ka 23, ndipo onse atatu anakhala okankha.

Scott, wobadwa mu 1972, anasewerera Wales ka 52, ndipo anasankhidwa m'timu ya Lions mu 1997 ndi mu 2001. Craig anasewerera dzikolo ka 32. Pa 11 Epulo 1999, pa bwalo la Wembley ku London, abale awiriwa anali m'timu imodzi pamene Wales inagonjetsa England 32-31, ndipo anali Scott amene anapereka mpira kwa Scott Gibbs pa try imene inatembenuza masewera kumapeto kwenikweni.

Komabe dzina lalikulu silitchinjiriza munthu ku mavuto. Gavin, wamng'ono pa onse, anavulala mu 2010 akusewerera Llanelli, nasiya kuona ndi diso limodzi, ndipo masewera ake anathera pomwepo. Scott naye wakhala akunena poyera kuti anatuluka sukulu akuvutika kuwerenga ndi kulemba chifukwa cha vuto lotchedwa dyslexia, limene limasokoneza zilembo m'maso mwa mwana ngakhale ali wanzeru, ndipo anapeza chithandizo chenicheni atakula kale. Aphunzitsi aganizire bwino mfundo imeneyi: mwana amene tauni yonse inkamuombera m'manja pa bwalo anali kuvutika mwakachetechete m'kalasi.

Ndalama Zitalowa

Zinthu zimene zinkasunga mabanja pamalo amodzi zinayamba kutha. Migodi ya m'chigwa cha Gwendraeth inatsekedwa umodzi umodzi, ndipo waukulu wa Cynheidre unatsekedwa mu 1989. Kufikira 1995 malamulo a rugby yamtundu umenewu sankalola kulipira osewera. Munthu ankatuluka ku ntchito nkupita kukasewerera kalabu ya kwawo. Nchifukwa chake mu 1994 Scott Quinnell anapita ku Wigan, ku England, kukasewera rugby yamtundu wina ya anthu 13, imene inkalipira. Malamulo atasintha mu 1995, iye ndi Craig anakasewerera kalabu ya Richmond ku London, ndipo Scott anabwerera ku Llanelli mu 1998.

Mu 2003 akulu a rugby ku Wales anasonkhanitsa osewera olipidwa m'matimu a zigawo, ndipo dera la Llanelli linakhala la timu ya Scarlets. Mu 2008 timuyo inachoka pa Stradey Park, pamene kalabu inasewerapo kuyambira 1879, nkupita ku bwalo latsopano la Parc y Scarlets, ndipo pa malo akale aja anamangapo nyumba. Mu 2023 kalabu yeniyeni ya Llanelli RFC inatuluka m'ligi yaikulu ya makalabu a ku Wales. Barry John anamwalira pa 4 Febuluwale 2024 ali ndi zaka 79.

Chimene Tiphunzirapo

Tsono tibwerere ku funso lathu. Sitingakane kuti thupi limatengera kwa makolo, ndiponso kuti mwana wokulira m'nyumba imene mpira umakambidwa pa chakudya amayamba msanga. Koma mbiri ya Llanelli ionetsa kuti banja lokha silikanakwanitsa. Panali ntchito imene inasunga anthu m'midzi yawo kufikira anakwatirana okhaokha. Panali bwalo la m'mudzi limene mwana aliyense ankalowamo mosalipira. Panali sukulu yabwino pafupi. Ndipo panali mphunzitsi wa m'mudzi womwewo amene ana ankamuona ndi maso awo. Ukwati wa mabanja a John ndi Quinnell unali chipatso cha moyo umenewu, ndipo unabala zipatso zina chifukwa nthaka inali yokonzeka kale.

Chibale ndi fupa, sichiola. Koma bwalo likagulitsidwa ndi ntchito ikatha, abale amamwazikana, ndipo kalabu imatsala ndi dzina lokha. Kwa awerengi athu amene ali m'maofesi a Boma, amene amagawa malo ndi kukonza mapulani a matauni, phunziro ndi lakuti bwalo la masewera lisayesedwe malo ongokhala. Kwa aphunzitsi, akumbukire kuti munthu amene anagonjetsa New Zealand mu 1971 ndi a Lions, nabwerezanso mu 1972 ndi Llanelli, anali mphunzitsi mnzawo wa chinenero, amene sanaone chovuta kutuluka m'kalasi madzulo nkupita ku bwalo kumene ana a anansi ake anali kumuyembekeza.